Makobiri Akale Asagulitsidwe Mwacibwana

M'midzi ya kwa Kalindawalo ku Petauke ndi kwa Ndake ku Nyimba, nkhalamba zambiri zikali kusunga timakobiri takale m'kacitini kapena pa mfundo ya nsalu. Ndalamazi zinaleka kugula ngakhale nthoci imodzi, koma kunja kuno alipo anthu amene amazifuna.

Kusonkhanitsa ndalama zakufa ndi cizolowezi cofala ku maiko a Azungu. Ena kumeneko amasunga ngakhale timakobiri tochovera juga, timene timagwira nchito m'nyumba imodzi yokha ya juga. Nyumbayo ikatsekedwa ndi pamene amayamba kutilimbirana, ndipo ku America anakhazikitsa bungwe lao m'caka ca 1988. Nyumba zotere ziri ku Lusaka ndi ku Livingstone, kutali ndi mlimi wa ku Nyimba. Cuma cace iye ndi ca m'kacitini muja.

Muli ciani m'menemo? Kawirikawiri mumapezeka ndalama za Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinatha mu 1963. Kobiri lace ndi loboola pakati, lojambulidwa njobvu ziwiri, ndipo amai anali kulitunga pa mkuzi wa mwana. Pa sheleni pali mphalapala. Pa 16 January, 1968, Zambia anasiya mapaundi: sheleni inasanduka 10 ngwee, paundi inakhala K2. Ngwee zoyambazo, zokhala ndi nkhope ya Dr Kenneth Kaunda, nazo zinatha mphamvu pamene mitengo ya zinthu inakwera.

Mphekesera zakuti kobiri limodzi loboola lingagule ng'ombe n'zonama, pakuti makobiri otere anasulidwa miyandamiyanda ndipo ndi a mkuwa cabe. Zoyenera kucenjera nazo ndi ndalama zoyera za Southern Rhodesia zosulidwa caka ca 1947 cisanafike, zimene zinali kuyenda kunonso ndipo zina anabwera nazo amacona. M'zambiri mwa izo muli siliva weniweni. Mlendo wofuna kugula citini conse pa mtengo umodzi angakhale akufuna zimenezi, conco mwini wace ayambe wauza mwana wa sukulu kuti amuwerengere caka colembedwa pa ndalama iri yonse.

Colakwa cina ndico kuzikweca ndi phulusa kapena mcenga kuti ziwale. Osonkhanitsa amakonda kobiri lakuda monga momwe lakhalira. Lokweca amalitsitsa mtengo, mwina kulikana kumene.