Mtsempha Waukulu wa Mwazi Ukatupa

Inu alimi anzanga, masabata onse ndimakulemberani za akalozera, za manyowa ndi za anankafumbwe a m'nkhokwe. Sabata ino mundilole ndicoke kumunda pang'ono, ndikambe za mwini munda, pakuti mbeu zabwino ziribe nchito ngati wozilima wagona pamphasa.

Mwezi wathawu ndinakayendera mlimi wina wacikulire wa m'dera langa, munthu wakhama amene kumunda kwao timatengerako anzao kukaphunzira. Ndinawapeza ali khale pakhonde, khasu liri poteropo. Nditawapatsa moni anati, "Alangizi, ine zanga zatha. Kucipatala andiunika m'mimba, ndipo akuti mtsempha wanga watupa, tsiku lina udzaphulika." Kudimba anali ataleka kupita, ndipo anali atayamba kugawira ana ao mbuzi. Ndinafunsa kuti, "Kodi Bambo, adotolo anati watupa kufika pati?" Anatulutsa kabuku kao ka kucipatala, ndipo munalembedwa masentimita 4. Tinapangana kubwerera limodzi kukafunsitsa, pakuti safunsa anadya phula. Zimene tinamva kumeneko, ndi zina zimene ndawerenga pambuyo pace, ndizo ndikuuzani lero.

Kodi mtsemphawu uli pati?

Mwazi ukatuluka mu mtima umalowa mu mtsempha umodzi waukulu koposa yonse, umene madotolo amati aorta. Umakwera pang'ono m'cifuwa, nupindika ngati ndodo ya nkhalamba, nutsika motsata msana kufikira pafupi ndi mcombo, pamene umagawika pawiri kunka ku miyendo. Uli ngati ngalande yaikulu ya m'dimba imene tingalande tonse timalandirako madzi. M'mimba mwa munthu wamkulu kunenepa kwace ndi masentimita 2, monga cala cacikulu ca kudzanja.

Inu amene muli ndi njinga mukucidziwa cubu cakale. Mukacipopa, malo ofooka amatukumuka. Mtsemphawu ucita cimodzimodzi. Khoma lace likafooka, mwazi umene mtima ukupopa usana ndi usiku umalikankha, ndipo malowo amafutukuka pang'onopang'ono. Pakafika masentimita 3 madotolo amati pali nthenda, dzina lace aneurysm. Kwa ambiri imagwira m'mimba kunsi kwa impso, koma kwa ena imagwira m'cifuwa.

Coopsa cace ndi ici: pamene cotupa cikukula, khoma likunka likokeka ndi kufooka, tsono cacikulu cimakula msanga kuposa cacing'ono. Cikaphulika mwazi umatayikira m'kati mwa thupi, ndipo mwa anthu 10 otere pafupifupi 8 amafa.

Cimabweretsa nthendayi nciani?

Si ufiti ai, ndipo sipatsirana. Imakonda amuna opitirira zaka 65, ngakhale akazi nawonso imawagwira. Imayendanso m'mtundu: ngati bambo wanu kapena mbale wanu wa bere limodzi anali nayo, inunso mucenjere.

Pa zonse zofooketsa mtsempha, coyamba ndi kusuta fodya. Pano ndilankhule mosabisa. Ine ndine amene ndimakuphunzitsani kufesa nazale ndi kumanga zigafa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri malata a nyumba zanu anacokera m'fodya. Koma utsi wace umadya khoma la mtsempha monga ciswe cimadyera nsici za nkhokwe: kunja zioneka zolimba, m'kati zatha. Cingambwe copicira nokha ndi ndudu za m'sitolo n'cimodzimodzi pa mlandu umenewu.

Caciwiri ndi kuthamanga kwa mwazi, kumene ambiri amati BP. Cubu cofooka mukacipopa kwambiri simucedwa kumva kuphulika.

Palinso cindoko. Munthu akacisiya osalandira mankhwala, zironda zimapola, iye nayesa wacira, koma patapita zaka zambiri cingathe kuononga mtsempha wa m'cifuwa. Jakisoni wa penicillin amaciza cindoko cikagwidwa msanga. Kacirombo ka HIV nakonso kamafooketsa mitsempha mwa ena, ngakhale acinyamata, cifukwa cace amene muli pa mankhwala ace musadukize.

Mungadziwe bwanji?

Ambiri samva kanthu. Nthendayi imapezeka pamene munthu akuunikidwa cifukwa ca bvuto lina, monga anacitira bambo aja. Ena amamva kugunda pafupi ndi mcombo ngati pali mtima waciwiri, kapena kuwawa kwa msana ndi m'mimba kosatha. Koma musathamangire kucita mantha. Munthu woonda akagona cagada angathe kumva kugunda kumeneku mtsempha wace uli bwinobwino. Cotsimikiza ndi makina a sikani, omwe aja amaunikira amai apakati. Sapweteka, satulutsa mwazi, ndipo m'mphindi zocepa amaonetsa kukula kwa mtsempha. Ku England mwamuna aliyense amaitanidwa kukaunikidwa m'caka cimene akukwanitsa zaka 65.

Nanga bwanji sang'amba msanga?

Ili ndilo funso limene linawasowetsa tulo bambo aja. Iwo anayesa kuti adotolo awabweza kumudzi cifukwa palibenso cocita. Si tero ai. M'caka ca 1998 madotolo a ku Britain anafalitsa zimene anapeza atayerekeza odwala ong'ambidwa msanga ndi ena ongoyang'aniridwa, onse a cotupa cosafika masentimita 5.5. Anapeza kuti kung'amba msanga sikunapulumutse anthu ambiri kuposa kudikira. Cifukwa cace ncakuti opaleshoni yeniyeniyo iri ndi ngozi yace, pamene cotupa cacing'ono siciphulika kawirikawiri: mwa anthu 100 otere, pa caka cimaphulika mwa mmodzi kapena kucepera apo.

Tsono lamulo la madotolo ambiri ndi lakuti mwamuna acitidwe opaleshoni cotupa cikafika masentimita 5.5, ndiko kutalika kwa dzira la nkhuku. Kwa akazi ambiri amayambira pa masentimita 5. Amafulumiranso ngati cakula sentimita yathunthu m'caka cimodzi, kapena ngati cayamba kuwawa. Kwa anthu ambiri cimakula mamilimita 2 kapena 3 okha pa caka. Muwerenge nokha: ca masentimita 4 cingatenge zaka zingapo cisanafike pa mzere woopsa, ndipo ena amakalamba osafikapo konse.

Pa opaleshoni amacotsa kapena kutsekula malo otupawo nasokerapo paipi yofewa yoluka ngati nsalu. Woyamba kudula cotupa ca m'mimba ndi kulumikiza bwino mtsempha anali Charles Dubost ku Paris m'caka ca 1951. M'caka ca 1990 Juan Parodi ku Buenos Aires anayamba njira ina yolowetsa paipiyo kudzera mu mtsempha wa m'mphecepece mwa nchafu, osang'amba mimba. Zonsezi zimafuna madotolo odziwa za mitsempha, mwazi woonjezera ndi zipangizo zambiri, tsono si nchito ya cipatala cacing'ono. Nthawi ikayandikira, pemphani kalata yokutumizani ku cipatala cacikulu mukadali ndi mphamvu.

Mwina munamvapo za Albert Einstein, munthu wanzeru zakuya uja. Madotolo anampeza ndi cotupa cotere m'mimba m'caka ca 1948, masiku amene njira zabwinozi kunalibe. Anakhalabe ndi moyo akugwira nchito yace zaka zina zoposa 6, namwalira mu April 1955 ali ndi zaka 76. Kumva dzina la nthenda si kumva tsiku la maliro.

Zoyenera kucita amene mwapezeka nayo

Palibe mankhwala, a kucipatala kapena a m'chire, amene angaphwetse cotupaci. Koma pali zambiri zimene mungacite kuti cisakule msanga.

1. Lekani fodya, lero lomwe. Cotupa ca munthu wosuta cimakula msanga ndipo cimaphulika kawirikawiri kuposa ca wosasuta. Kucepetsa sikukwanira. Uzani a pabanja panu kuti mwaleka, kuti asakupatseninso moto.

2. Yezetsani BP kawirikawiri. Ngati akupatsani mapiritsi ace, kapena ocepetsa mafuta m'mwazi, imwani masiku onse ngakhale mukumva bwino. Akatsala pang'ono kutha katengeni ena, musadikire kuti botolo liume.

3. Cepetsani mcere. Bungwe la za Umoyo la Dziko Lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, ndiyo supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuwerengera pamodzi mcere wa m'ndiwo zonse. Inu amai ophika, kumbukirani kuti nsomba zouma zothira mcere ndi soda wa m'therere nazonso zimaonjezera. Kambale ka mcere kasakhale pamphasa podyera.

4. Musaphonye tsiku la sikani. Ku England amaunika kamodzi pa caka cotupa ca masentimita 3 kufikira 4.4, ndipo miyezi 3 iriyonse cikafika 4.5. Inu funsani adotolo anu tsiku lobwerera, ndipo alembe m'kabuku kukula kwa cotupa nthawi iriyonse. Mlimi wanzeru amayendera akalozera ace mvula ikagwa, sadikira kuti madzi agumule.

5. Gwirani nchito, koma yosadzikakamiza. Kuyenda, kupalira, kuthirira ndi ndowa yaing'ono ndi kuweta ziweto nzabwino kwa mtima. Kukhala pakhonde tsiku lonse sikuteteza. Zoleka ndi zija zokucititsani kubanika mpweya ndi kutulutsa mitsempha m'khosi: kusenza thumba la makilogalamu 50, kuzula zitsa, kukweza mitanda ya cigafa, kukankha ngolo yotitimira. Zimenezo apatseni anyamata. Idyaninso masamba ndi zipatso ndi kumwa madzi kuti musadzimbidwe.

6. Pamimba pasatemedwe mphini, pasathowedwe, ndipo wina asapakanye kuti aphwetse cotupa.

7. Paliponse pamene mukulandira mankhwala, nenani kuti muli ndi nthendayi. M'caka ca 2018 oyang'anira mankhwala ku America anacenjeza kuti ciprofloxacin ndi ena a mtundu wace angathe kuonjezera ngozi ya kuphulika, tsono adotolo akadziwa adzaona ngati pali ena oyenera.

8. Uzani abale anu a bere limodzi, makamaka amuna acikulire, kuti akapemphe kuunikidwa.

Tsiku la ngozi

Konzekeranitu monga mumakonzekera njala nkhokwe zikadali zodzaza. Zizindikiro ndi izi: kuwawa koopsa kwadzidzidzi m'mimba, kumsana kapena m'cifuwa, cizungulire, thukuta lozizira, kufooka ndi kukomoka. Zikaoneka musadikire kuti kuce, musayambe mwaitana acibale akutali, ndipo musapatse wodwalayo cakudya kapena cakumwa. Mgonekeni pansi, pezani galimoto, tengani kabuku kace, ndipo pofika pacipatala nenani dzina la nthenda musanafunsidwe.

Mutu umodzi susenza denga. Panganani lero ndi wa galimoto kapena wa njinga yamoto amene angadzuke usiku, sungani nambala yace, ndipo patulani ndalama ya mafuta imene sidzakhudzidwa ngakhale mcere utatha m'nyumba. Anyakwawa ndi a komiti ya zaumoyo adziwe kuti m'mudzi muli munthu wotere.

Bambo aja tsopano abwerera kudimba. Fodya anataya, ngakhale akuti masabata awiri oyamba anakangana ndi aliyense wa pakhomo. Matumba akusenza ndi adzukulu, iwo nkumaloza pounjika. Mng'ono wao anakaunikidwa ndipo anapezeka ali bwino. Tsiku lao la sikani liri pambuyo pa kukolola, ndipo analilemba ndi khala pakhoma kuseri kwa citseko. Mbuzi zimene anagawa sanaitanitse, koma nditapitako dzana ndinawapeza akukonza khola, akuti akufuna kugula zina ziwiri.

Ngati kwanu kuli munthu amene anauzidwa mau ngati amenewa kucipatala, muwerengereni nkhaniyi mokweza, ndipo mumperekeze akafunsitse kukula kwa cotupa cace. Sabata ya mawa tidzakamba za kasungidwe ka mbeu ya mtedza.