AMENE ANALANDIRA OTHAWA NKHONDO KU NSANJE

Anzanga a m'migodi, ine ndimakhala ku Nellmapius, kum'mawa kwa Pretoria, pafupi ndi Mamelodi. Tsiku lina pa sitolo ndinakumana ndi bambo wina wa ku Mutarara, m'dziko la Mozambique. Atamva kuti kwathu n'ku Nsanje, anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Anati anakulira kwathuko, pa msasa wa Mankhokwe.

Achinyamata sadziwa nkhaniyi. M'chaka cha 1986 nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inakula, ndipo anthu anaoloka malire mitolo ili pamutu. Pofika 1992 othawa nkhondo m'Malawi anapitirira 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mafumu ndi anyakwawa anawapatsa malo omangapo. Boma ndi mabungwe othandiza anapeza chakudya, a Red Cross nachigawa. Malume anga anali mmodzi wa odzipereka pa ntchitoyo: ankalemba maina m'buku ndi kusenza matumba dzuwa lili pamutu. Sizinali zapafupi ayi. Nkhuni zinasowa, amayi nayenda mtunda wautali kukatola. Ine ndiganiza kuti anthu onga malumewo ayenera kuitanidwa pa bwalo la boma ndi kuthokozedwa akali moyo.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo pang'onopang'ono alendo anabwerera kwawo. Bamboyo anafunsa kuti, "Nanga malume anuwo alipo?" Ndinawauza kuti anatisiya kalekale. Anavula chipewa, naima chete pakhomo pa sitolo pomwepo.