Mawanga a Padzuwa: Kodi Amalosera Chilala?

M'chaka cha 1903 wansembe wa Chijezuiti, Bambo Edmund Goetz, anatsegula malo opimira nyengo ndi zakuthambo ku Bulawayo, omwe amatchedwa Goetz Observatory. Ntchito yawo yaikulu inali kulemba kagwedwe ka mvula. Masiku amenewo akatswiri ambiri ankafunafuna chizindikiro choneneratu chilala, ndipo ena anaika chikhulupiriro chawo pa mawanga akuda ooneka padzuwa. Maganizo amenewa akumvekabe lero, choncho alangizi ayenera kudziwa zoona zake.

Wanga la padzuwa ndi malo amene mphamvu ya maginito yochokera m'kati yatulukira kunja ndi kutsekereza kutentha. Pamalopo pamatentha madigiri pafupifupi 3,500 pamene pozungulira pake pali 5,500, n'chifukwa chake pamaoneka pakuda. Wanga limayamba ngati kadontho. Timadontho tambiri timafa pasanathe tsiku, koma tina timaphatikizana ndipo m'masiku osaposa 10 timasanduka wanga lomwe likhoza kuposa dziko lapansi kukula kwake. Kawirikawiri mawanga amabadwa awiriawiri, lina patsogolo lina pambuyo.

Kukula n'kofulumira, koma kutha n'kwapang'onopang'ono. Mpweya wotentha umene umabwata m'mbali mwake umanyenya maginito aja ndi kuwamwaza, monga madzi akokololera mzere wa m'munda. Lapambuyo ndilo limayamba kusweka, lapatsogolo limakhalitsa. Wanga lalikulu limatha masabata angapo ngakhale miyezi, ndipo popeza dzuwa limatembenuka pa masiku 27, wangalo limabisika ndi kudzaonekanso. Mu 1843 Heinrich Schwabe wa ku Germany anasonyeza kuti chiwerengero cha mawanga chimakwera ndi kutsika. Nthawi yake ndi zaka pafupifupi 11.

Mu 1924 Frank Dixey, katswiri wa miyala m'boma la Nyasaland, analemba kuti madzi a m'Nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika motsatira mawangawa. Zaka zotsatira sizinamuvomereze. Nyanja, yomwe inaphwa kwambiri mu 1915, inapitirira kudzaza kufikira 1935 pamene Shire anayambanso kuyenda, mawanga achuluke kapena achepe. Zaposachedwa zikuchitiranso umboni. Chilala cha 2019 ku Zimbabwe chinagwa mawanga ali ochepetsetsa, pamene cha 2024, chomwe chinachititsa Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza za ngozi yogwa padziko, chinagwa atachulukitsitsa. Kuwala kwa dzuwa kumangosintha ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 pa zaka 11 zimenezi.

Chizindikiro chodalirika chili m'nyanja ya Pacific. Mu 1994 Mark Cane ndi anzake anapeza kuti madzi a kumeneko akatentha, nyengo yotchedwa El Niño, zokolola za chimanga ku Zimbabwe zimatsika, monga zinachitikira mu 1992. Kuyambira mu 1997 akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC amakumana chaka ndi chaka dzinja lisanafike kuti apereke ulosi wa mvula. Ulosi umenewu ndiwo woyenera kufika kwa achikumbe.

Kunja kwa Bulawayo, pa malo a kafukufuku a Matopos, bungwe la ICRISAT pamodzi ndi maiko a m'chigawo chino linayamba m'zaka za m'ma 1980 kusankha mapira ndi mchewere zopirira ng'amba. Ku Malawi mapira a Pilira 1 ndi Pilira 2 anavomerezedwa mu 1993. Mlangizi akamva kuti El Niño wayandikira, alimbikitse mbewu zocha msanga, kubzala ndi mvula yoyamba, ndi kutseka mizere kuti madzi asathawe.

Achenjezenso alimi ndi ana asukulu kuti asayerekeze kufufuza mawangawa ndi maso. Kupenya dzuwa mwachindunji, ngakhale ndi magalasi akuda, kumaononga maso kotheratu.