Kodi mbalame zouluka amaziwerenga bwanji?

Amayi wina wogulitsa kapenta pamsika wa Maramba ku Livingstone anandifunsa chifukwa chake akhwangwala achuluka pa dzala la zinyalala, chonsecho miimba siionekanso ngati kale. Anafunsanso kuti, "Nanga inu olemba nkhani mumadziwa bwanji kuti mbalame zachepa?" Kale inenso zinkandizunguza mutu, poti mbalame siikhala pansi kudikira kalembera.

Chinsinsi chake n'chakuti owerengawo safuna kupeza mbalame iliyonse. Mu Januwale ndi mu Julaye, anthu odzipereka a BirdWatch Zambia amapita kumadambo ndi kumitsinje komwe anapita chaka chatha, n'kulemba atsekwe, abakha ndi akakowa amene awaona. Zili ngati chitini choyezera kapenta: chikakhala chomwecho chaka ndi chaka, umadziwa msanga kuti mtengo wakwera. Kalembera wa mbalame za m'madzi ameneyu ndi wa m'maiko ambiri; anayamba mu 1967 ndipo amayendetsedwa ndi Wetlands International.

Miyezi iwiriyi ili ndi chifukwa chake. Mu Januwale kuno kumakhala alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia, othawa chisanu kwawo. Pofika Julaye amakhala atabwerera, choncho zotsalazo n'zathu zenizeni.

Tikabwerera ku funso loyamba la amayi aja, akhwangwala amakonda kumene anthu amataya zakudya, n'chifukwa chake tauni ikamakula nawonso amaswana. Miimba ndiyo ikuona zakuda. Nyama imodzi yothiridwa poizoni imapha yambiri tsiku limodzi, pomwe muimba umaikira dzira limodzi lokha pachaka.