Mkombero wa waya wathetsa nkhondo ya getsi ndi wayilesi ku Chama

Amalume anga, mphunzitsi wopuma ntchito amene amakhala kunja pang'ono kwa boma la Chama, ndi munthu wa wayilesi. FM alibe nayo ntchito kwenikweni. Yawo ndi shortwave, ija mumapotokola pang'onopang'ono mpaka London atatulukira pakati pa mluzu ndi mkokomo. Mukawaseka kuti n'zachikale, amakukumbutsani kuti mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wayilesi ya batire yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special, ndipo ndi shortwave yomweyi imene inafikitsa siteshoni ya ku Lusaka m'midzi ya dziko lino la Zambia. Kwa zaka zambiri tsiku lawo linkayamba ndi kulira kwa nkhwazi pa ZNBC Radio 1, pa 5915 kHz, n'kutha ndi nkhani za BBC.

Kenako kunabwera chitukuko. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri, aliyense m'tauni anathamangira sola. Msuweni wanga wa ku Lusaka anagula ziwiri, yake ndi ya bambo ake: panelo, batire, inveta ndi mababu a LED. Nyumba inawala mbee! Adzukulu anayamba kulemba homuweki usiku, anansi n'kumabwera ndi mafoni kudzatchaja. Koma wayilesi inangoti tchwaaa, kuyambira mmamawa mpaka usiku, paliponse pamene amalume apotokolera.

Anasintha mabatire, osathandiza. Anakweza mdzukulu mumtengo wa mango kukamanga waya wautali, phokoso ndiye linachita kunyanya. Tsiku lina akazi awo atathimitsa inveta, mawu a wowerenga nkhani anangotulukira bwinobwino, ndipo wolakwa anadziwika. Kuyambira pamenepo pakhomo panabuka nkhondo ya madzulo alionse. Amalume akufuna nkhani, mayi akufuna kuwala kukhitchini, ana akufuna kuwerenga. Pogonja, mkulu wa zaka zake ankanyamula wayilesi kukhwapa n'kukakhala m'mphepete mwa munda wa mpunga, kumvera za dziko lapansi uku akudziomba udzudzu m'miyendo.

Gwero la vutoli n'losavuta kulimvetsa. Inveta, kabokosi koyang'anira kutchaja kwa batire, mababu a LED ndi matchaja otchipa a foni, zonsezi zimagwira ntchito podula ndi kulumikiza magetsi maulendo masauzande ambiri pa sekondi imodzi. Kudukizadukizako kumamwaza phokoso m'mafunde onse a shortwave, ndipo mawaya a m'nyumba amalifalitsa. Waya wautali wa mumtengo uja sunkasankha. Unkatola mawu ofooka ochokera kutali pamodzi ndi chiphokoso champhamvu cha pakhomo pomwepo.

Mankhwala ake anabwera pa basi, kudzera ku Lundazi, m'kaphukusi kopepuka. Msuweni anaitanitsa pa intaneti eriyo yotchedwa MLA-30+, mtundu wa active loop wopangidwa ku China. Odziwa bwino za shortwave amatama Wellbrook ALA1530 ya ku Wales, mkombero wa aluminiyamu wa mita imodzi, koma mtengo wake sunali wa penshoni ya mphunzitsi. Yathuyi inali waya wachitsulo wopinda mozungulira, pafupifupi masentimita 60 kukula kwake, kabokosi kakang'ono komangirira pansi pake, chingwe chachitali cholowera ku wayilesi, ndi kabokosi kena kolandira mavoti 5 kudzera pa USB.

Tinaumanga pansonga ya nsungwi, n'kuizika kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi nyumba monga mmene chingwe chinalolera. Mnansi wina podutsa anaima, manja m'chiuno.

"Aphunzitsi, mwayamba kutchera nyama m'mwamba? Msampha wa waya umenewu a gemu akauona mukagona kupolisi!"

Amalume sanayankhe. Anabaya chingwe pabowo la eriyo yakunja la wayilesi yawo ya Tecsun, n'kulamula kuti inveta iyatsidwe, mababu onse awale, mafoni onse alowe pa tchaja. Phokoso linalipo ndithu, koma linali litachepa kale.

"Mphwanga, tembenuza nsungwiyo. Pang'onopang'ono. Pitiriza. Bwerera pang'ono. Ima pomwepo! Usapume n'komwe!"

Phokoso linangoti zii. M'malo mwake munamveka mzungu wa ku London akuwerenga nkhani momveka bwino, mawu aliwonse payekhapayekha, nyumba ili ngwee kuwala. Amalume anadzuka pampando, ndodo kuiiwala, n'kuvina kuzungulira nkhokwe. Akazi awo anatuluka ndi mthiko m'manja, nthungululu ili pakamwa. Mnansi uja anakoka mpando.

Matsenga palibe apa. Funde la wayilesi lili ndi mbali ziwiri, ya magetsi ndi ya maginito. Phokoso lambiri la zipangizo za m'nyumba, mukakhala pafupi nazo, limakhala lamphamvu kumbali ya magetsi, pomwe mkombero waung'ono umamva kwambiri mbali ya maginito. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona chinsinsi, mkomberowu umamva bwino zochokera m'mbali mwake, koma ndi wogontha ku zochokera kumene bowo lake layang'ana. Mukautembenuza kuti bowolo lipenye kunyumba, phokoso la inveta limagwera pogontha pajapo. Popeza mkombero waung'ono chotere umatola mphamvu yochepa, kabokosi ka pansi pake kamakuza mawuwo asanayende m'chingwe. Chenjezo n'limodzi: mavoti 5 aja azichokera ku power bank. Mukawatenga ku tchaja ya foni, mwaitananso phokoso lomwe mwangolipirikitsa.

Tsopano khonde la amalume lasanduka bwalo. Kope limene ankalembamo magiredi a ana asukulu ladzaza ndi masiteshoni ndi nthawi zake: Voice of Hope yochokera ku Lusaka, Trans World Radio ya ku Eswatini, Radio France Internationale, ndi ena a zilankhulo zimene palibe akuzimva koma onse akumvetsera. Pali zina zimene mkomberowu sungathe. Mvula ikayamba mu Novembala, kuthetheka kwa mphezi kumamvekabe, chifukwa kumachokera kumwamba ndi kumbali zonse. Chinyanja cha Channel Africa nachonso sichinabwerere, pakuti makina oulutsira shortwave a ku Meyerton, ku South Africa, anatsekedwa mu Malichi 2019. Koma chilichonse chimene chili m'mlengalenga, amalume akuchigwira, getsi likuyaka.

Mdani watsopano ndi mbuzi. Zimakonda kudzikanda pansungwi ija, mkombero n'kupotoka, tchwaaa n'kubwerera. Choncho mdzukulu wa giredi 6 wapatsidwa udindo. Analemba mzere ndi makala pansungwi ndi pamwala, ndipo agogo ake akangofuula kuti "Injiniya!", amasiya nsima n'kuthamanga kukalumikiza mizereyo. Mnansi uja wafunsa kale kawiri mtengo wa msampha. Dandaulo limene latsala pakhomopo ndi la akazi awo a amalume: akuti bambowa achepetseko voliyumu, ana akuwerenga.