Dengu la masheya a "dziko lonse": muli makampani ati, ndipo olemera kwambiri ndi ati?

Makomo ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ali ndi mwana kapena m'bale amene akugwira ntchito ku Joni, ku Cape Town kapena ku Britain. Ena mwa iwo amadulidwa ndalama ya penshoni mwezi ndi mwezi, ndipo akafunsa kumene ndalamayo ikupita amauzidwa kuti ili m'thumba lotsata "index ya dziko lonse". Mawu amenewa amakhazika mtima pansi. Munthu amaganiza kuti thukuta lake lamwazidwa m'maiko onse mofanana, kotero kuti kwina kukaipa, kwina kudzamugwira dzanja. Koma tikavundukula dengulo tipeza kuti katundu wake wapendekera mbali imodzi. Lero tiyeni tione mmene dengu limeneli amalilongedzera, chifukwa muli ndalama za ukalamba wa ana athu, ndipo zina mwa izo ndi zimene zidzamange nyumba kuno kumudzi.

Index ndi chiyani?

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Wogula sheya amakhala mmodzi mwa eni ake: kampani ikapindula amagawiridwako, ikagwa amagwa nayo. Masheya amagulitsidwa pamsika wakewake, ndipo mitengo yake imasintha tsiku lililonse.

Popeza makampani ndi ambirimbiri, anthu anafuna nambala imodzi yowauza ngati msika wonse wakwera kapena watsika. Nambala imeneyo, pamodzi ndi mndandanda wa makampani amene amaiwerengera, ndiyo index. Mtolankhani wa ku America, Charles Dow, anayambitsa imodzi mwa zakale kwambiri mu 1896 ndi makampani 12 okha. Msika wathu wa masheya ku Blantyre nawo uli ndi yake, yotchedwa Malawi All Share Index.

Index payokha siigulidwa, ndi muyeso chabe. Chimene anthu amagula ndi gawo la thumba la ndalama lomwe limagula masheya onse a pamndandandapo, kampani iliyonse pa mlingo umene index yanena. Thumba loyamba lotere la anthu wamba analiyambitsa John Bogle wa kampani ya Vanguard mu 1976. Lero matumba ambiri a penshoni amayenda motero. Ndiye kuti wolemba mndandanda ndiye amene akulozera kumene ndalama za anthu mamiliyoni zipite.

"Dziko lonse" la maiko 23

Index ya dziko lonse yotchuka kwambiri ndi MSCI World, imene amaikonza ndi kampani ya MSCI ya ku New York. Muli makampani akuluakulu ndi apakatikati oposa 1,300. Dzinalo likunena dziko lonse, koma maiko amene alimo ndi 23 okha, omwe misika yawo imatengedwa kuti ndi yokhwima: America, Canada, Japan, Britain, France, Germany, Switzerland, Australia, Singapore ndi ena. China mulibe, India mulibe, ndipo mulibe dziko ngakhale limodzi la mu Africa.

Wofuna maiko amenewo amapita ku index ina ya kampani yomweyo, MSCI ACWI, imene imawonjezera maiko 24 a misika yongokwera kumene. M'menemo ndi mmene muli China, India, Taiwan, South Korea, Brazil, Saudi Arabia, Turkey, Malaysia ndi Indonesia. Mu Africa muno alowamo ndi South Africa ndi Egypt basi. Komabe maiko 24 onsewa kuwaphatikiza amangotenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a dengu lonse. Kampani ya ku Malawi simungaipeze mu iliyonse mwa ziwirizi.

Kulemera kwa kampani amakuyeza bwanji?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Makampani a m'dengu sapatsidwa malo ofanana. Aliyense amalemera molingana ndi mtengo wake pamsika, womwe amaupeza pochulukitsa mtengo wa sheya imodzi ndi chiwerengero cha masheya ake.

Tiyerekeze dengu la makampani atatu okha. Yoyamba mtengo wake ndi K700 miliyoni, yachiwiri K200 miliyoni, yachitatu K100 miliyoni. Onse pamodzi ndi K1 biliyoni. Pa K100 iliyonse imene mwaika m'thumba lotsata dengu limeneli, K70 ipita ku kampani yoyamba, K20 ku yachiwiri, K10 ku yachitatu. Kampani yaing'onoyo itataya theka lathunthu la mtengo wake, dengu lonse lingatsike ndi 5 peresenti yokha. Koma yaikuluyo itangotsika ndi 10 peresenti, dengu lonse litsika ndi 7 peresenti. Wogulitsa nsomba amazidziwa bwino izi: ngati mpamba wake wambiri uli mu chambo, kukwera kwa mtengo wa usipa wochepa umene waunjika pambali sikungamupulumutse tsiku limene chambo chagwa mtengo.

Pali lamulo linanso. Powerengera kulemeraku amangotenga masheya amene anthu wamba angathe kugula pamsika. Amene ali m'manja mwa boma kapena banja loyambitsa kampani amawachotsera. Chitsanzo chabwino ndi Saudi Aramco, kampani ya mafuta ya ku Saudi Arabia. Ndi imodzi mwa makampani a mtengo waukulu kwambiri padziko lapansi, koma pamene inalowa pamsika mu December 2019 inagulitsa masheya osakwana 2 peresenti, otsalawo n'kukhalabe m'manja mwa boma. Chifukwa cha ichi malo ake mu MSCI ACWI ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake.

Zotsatira zake

Masamu amenewa akagwira ntchito, dengu limapendekera ku America. M'zaka za 2024 ndi 2025 makampani a ku America okha amatenga pafupifupi 70 peresenti ya MSCI World, chikhalirecho chuma cha America ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha dziko lonse. Japan ndi yachiwiri, ndi 5 kapena 6 peresenti. Britain siifika pa 5.

Ngakhale m'kati mwa America momwemo katundu waunjikana pa makampani ochepa a zaukadaulo wamakono: Nvidia, Microsoft, Apple, Amazon, Alphabet mwini wa Google, Meta mwini wa Facebook ndi WhatsApp, Broadcom ndi Tesla. Mu 2025 makampani khumi apamwamba amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a index yonse. Tinene motere: pa K100,000 imene mwana wathu waika m'thumba lotere, pafupifupi K70,000 ili ku America, ndipo pafupifupi K25,000 ili m'makampani khumi okha. Mazanamazana a makampani a kumunsi kwa mndandanda amagawana nyenyeswa.

Tisaiwale mbali inayo. Makampani akuluakuluwa amagulitsa malonda awo kulikonse. Foni imene tikuwerengera nkhaniyi mwina ikuyendera Android ya Google, ndipo uthenga wa maliro kapena wa nikah umatipeza pa WhatsApp. Phindu lawo limachokera m'maiko ambiri. Komabe masheya awo amagulitsidwa m'madola, pansi pa malamulo a dziko limodzi, ndipo kawirikawiri amakwera ndi kutsika limodzi.

Chinanso choti tichimvetse n'chakuti kayezedwe kameneka kamatsata mtengo kulikonse kumene wapita. Kampani ikakwera mtengo, malo ake m'dengu amakula, ndipo ndalama zatsopano zolowa m'thumba zambiri zimathamangira komweko. Index siifunsa ngati mtengowo ndi woyenera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Japan inafika potenga magawo oposa 40 pa 100 a MSCI World. Msika wa ku Tokyo unafika pachimake mu December 1989, kenaka unagwa, ndipo index yake ya Nikkei sinabwererenso pamenepo mpaka February 2024. Zimenezo ndi zaka 34. Munthu amene anaika ndalama ali mnyamata anadikira mpaka imvi.

Posachedwapa taonanso mmene kampani imodzi ingagwedezere dengu lonse. Pa 27 January 2025, anthu atamva za pulogalamu yotsika mtengo ya kampani ya ku China ya DeepSeek, masheya a Nvidia anatsika ndi pafupifupi 17 peresenti tsiku limodzi, ndipo mtengo wa kampaniyo unachepa ndi madola pafupifupi 590 biliyoni. Sitikunena kuti zimene zinachitika ku Japan zichitikanso ku America. Za mawa adziwa ndi Allah. Tikungoonetsa kuti wolemera wa lero m'dengu sanakhale wolemera nthawi zonse.

Nanga dengu la Chisilamu?

Msilamu ali ndi funso lina pamwamba pa zonsezi. Mu index wamba muli mabanki a chiwongoladzanja, makampani a inshuwalansi, ofulula mowa ndi a juga. Wogula gawo la thumba lotere amakhala mwini wa kachigawo ka onsewa, pamene Qur'an yaletsa riba momveka bwino mu Surat Al-Baqarah. N'chifukwa chake panabadwa ma index osefedwa motsata Shariya. Dow Jones Islamic Market Index inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo MSCI inatulutsa yake mu 2007. Iliyonse ili ndi ma ulama oyang'anira kasefedwe kake.

Sefa yake ndi ya magawo awiri. Loyamba limayang'ana ntchito ya kampani. Imene malonda ake enieni ndi mowa, nkhumba, juga, zolaula, fodya kapena kubwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja imachotsedwa. Kampani ya ntchito yololedwa imene imapezako ndalama pang'ono m'njira zoletsedwa imatsala pokhapokha ndalamazo zisapitirire 5 peresenti ya zonse zimene imapeza. Gawo lachiwiri limayang'ana mabuku a kampani, makamaka ngongole za chiwongoladzanja. Malire ake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Bungwe la AAOIFI la ku Bahrain, lomwe limalemba miyezo ya zachuma cha Chisilamu, linaika malirewo pa 30 peresenti.

Oyeza sagwiritsa ntchito muyeso umodzi. Dow Jones imayerekeza ngongole ndi mtengo wa kampani pamsika, pamene index yaikulu ya Chisilamu ya MSCI imayerekeza ndi katundu yense wa kampaniyo. Kotero kampani imodzimodziyo ikhoza kupyola sefa ina n'kukodwa mu inzake. Ndipo popeza makampani otsalawo sakhala oyera kotheratu, mwini masheya amafunika kuchotsa kagawo ka phindu kamene kachokera m'njira zoletsedwa n'kukapereka kwa osowa. Kumeneku ndi kuyeretsa phindu, ndipo sikulowa m'malo mwa zakaat. Tidziwenso kuti pali ma ulama ena amene salola n'komwe makampani osakaniza otere. Pa nkhani imeneyi munthu afunse sheikh wodziwa bwino fiqh ya malonda.

Tsopano taonani chimene sefayi imachita pa kulemera kwa dengu. Mabanki, makampani a inshuwalansi ndi ena a zachuma amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a MSCI World. Mukachotsa JPMorgan Chase, HSBC, Berkshire Hathaway ndi anzawo, malo awo sakhala opanda kanthu. Amagawidwa kwa otsalawo, ndipo wamkulu ndiye amatenga gawo lalikulu. Makampani a zamakompyuta ndi a mankhwala, omwe ambiri alibe ngongole zochuluka, amalemera kuposa kale. Mapeto ake dengu la Chisilamu limakhala ndi makampani ochepa, ndipo limatsamira kwambiri pa mayina owerengeka. Kuti chinthu ndi halaal zikutanthauza kuti n'chololedwa. Sizikulonjeza kuti mtengo wake sungagwe. Malonda ololedwa amakhala ndi phindu ndi kuluza komwe, ndipo kuvomera kusenza zonse ziwirizi ndi kumene kumasiyanitsa malonda ndi katapira.

Phunziro lomweli likugwiranso kuno kwathu. Pamsika wa ku Blantyre makampani ambiri olemera ndi mabanki ndi a inshuwalansi. Wosefa mndandanda umenewo motsata Shariya angatsale ndi mayina ochepa kwambiri.

Mafunso oti tifunse

Okonza ma index amatulutsa kapepala ka mwezi ndi mwezi, kaulere pa intaneti, kosonyeza maiko, mitundu ya ntchito ndi makampani khumi apamwamba pamodzi ndi kulemera kwawo. M'bale wathu amene ali ndi penshoni kunja afunse dzina lenileni la index imene thumba lake likutsata, ndipo akapeze kapepalako. Aone kuti dziko lalikulu latenga zingati, makampani khumi apamwamba atenga zingati, ndipo ngati thumbalo likudzitcha la Chisilamu, ndi ma ulama ati akuliyang'anira ndipo phindu amaliyeretsa motani. Afunsenso ngati thumba la penshoni la kuntchito kwake lili ndi gawo lotsata Shariya, chifukwa ku Britain ndi ku South Africa magawo otere alipo, ndipo kawirikawiri amapatsidwa kwa amene wapempha.

Kwa ife otsala kumudzi, tichenjere ndi anthu obwera pa foni ndi mayina akuluakulu a ma index, n'kumalonjeza phindu lokhazikika sabata iliyonse. Index imakwera ndi kutsika. Wolonjeza kuti siitsika akunama. Tisanapereke ndalama kwa aliyense wotiikira m'masheya, titsimikize kuti ali ndi chiphaso chochokera ku Reserve Bank of Malawi.

Chuma ndi amanah, ndipo tidzafunsidwa za mmene tinachipezera ndi mmene tinachigwiritsira ntchito. Amayi athu sagula nsomba dengu lili chivindikirire. Nafenso tivundukule, tione zimene zili pamwamba ndi zimene zili pansi, kenaka tisankhe tikudziwa. Allah atidalitsire rizki lathu ndi la ana athu, ndipo Iye ndiye Wodziwa koposa.