Mawu abwino m'galimoto: musakopeke ndi nambala ya pakatoni

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndi zogwirapo kale ntchito zochokera ku Japan. Vitz, Passo, Sienta kapena Note ikamafika kuno imakhala itayenda zaka zingapo, ndipo masipika ake amakhala omwe aja anaikidwa kufakitale. Ambiri mwa masipikawa ndi a pepala lolimba komanso maginito aang'ono, ndipo mkombero wake wofewa umatha pang'onopang'ono kaamba ka kutentha ndi chinyezi cha m'chitseko. N'chifukwa chake nyimbo zimayamba kumveka ngati zikuchokera m'chitini.

Mwini galimoto akatopa nazo, kawirikawiri amathamangira kukagula ampulifaya ndi chisipika cha besi zokhala ndi nambala yaikulu pakatoni. Ndalama zimapita, koma chimene amapeza ndi phokoso, nyale zophethira, batire yosachedwa kutha, pena ngakhale moto. Mawu abwino amabwera pamene zinthu zinayi zagwirizana: wailesi, masipika, ampulifaya ndi magetsi a galimoto.

Yambirani pa wailesi

Ampulifaya imangokuza zimene yalandira. Ikalandira mawu oipa, imakuza kuipa komweko. Mawailesi ambiri a m'galimoto za ku Japan amagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Ichi n'chifukwa chake anthu amalumikiza kachipangizo kotchedwa band expander, komwe kamathandiza kupeza masiteshoni koma sikakometsa mawu. Nyimbo zapafulashi zimene zinapanikizidwa kwambiri kuti zichepe nazonso zimaoneka zilema zake zikafika pa masipika abwino.

Ngati mukusintha wailesi, onetsetsani kuti kumbuyo kwake kuli mabowo a RCA otumizira mawu ku ampulifaya. Ngati mukusunga yakufakitale, mufunika ampulifaya yotha kulandira mawu kuchokera ku mawaya a masipika, kapena kachipangizo kosinthira mawuwo.

Masipika akutsogolo ndiwo mutu wa nkhani

Woyendetsa galimoto amamva kwambiri masipika a m'zitseko zakutsogolo, choncho ndalama zoyamba zipite kumeneko. Galimoto zazing'ono zambiri zimalandira masipika a masentimita 16 kapena 17. Musanagule, yezani m'lifupi mwa bowo komanso kuya kwake, poti maginito aatali amagundana ndi galasi la zenera likamatsika.

Masipika alipo a mitundu iwiri. A coaxial ali ndi kasipika ka mawu oonda, kotchedwa tweeter, pakati pa sipika yaikulu. Ndi otsikirako mtengo ndipo savuta kuika. A component amabwera ndi tweeter yapayokha imene imaikidwa m'mwamba, pafupi ndi galasi lakutsogolo. Mawu oonda amayenda molunjika, kotero akachokera m'munsi mwa chitseko amathera m'miyendo ndi m'mipando. Tweeter ikakwera, woimba amamveka ngati ali patsogolo panu.

Chitseko nachonso ndi mbali ya sipika. Chitsulo chake n'chopyapyala ndipo chimanjenjemera besi ikagunda. Kumata zipepala za mphira wa butyl mkati mwake kumachepetsa kunjenjemerako ndi phokoso la msewu. Mmisiri aonetsetsenso kuti waya wa pulasi wapita ku pulasi pa sipika iliyonse. Sipika imodzi ikatembenuzidwa, imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, ndipo besi imazilala.

Nambala yoona ndi RMS

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nambala zikuluzikulu zolembedwa kuti Max, Peak kapena PMPO zimanena za mphamvu imene chipangizo chingafikire kwa kamphindi kochepa chabe, ndipo wopanga aliyense amaiyeza mmene wafunira. Nambala yodalirika ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu yomwe chipangizo chimapereka kapena kupirira mosalekeza. Wailesi yolembedwa 50W x 4 nthawi zambiri imapereka mawati a RMS apakati pa 15 ndi 22 pa sipika iliyonse. Makampani ena amatsatira muyezo wa ku America wa CTA-2006, umene umayeza ampulifaya pa mavolti 14.4 ndi ma ohm 4, kusokonekera kwa mawu kusapitirire 1 peresenti. Chizindikirochi chikakhalapo, mukhoza kuyerekeza zipangizo ziwiri mwachilungamo.

Sankhani ampulifaya imene RMS yake pa tchanelo chilichonse ikufanana ndi ya sipika. Masipika a RMS 60 amayenda bwino ndi ampulifaya yopereka mawati 50 mpaka 75 pa tchanelo. Onaninso ma ohm. Masipika ambiri a galimoto ndi a ma ohm 4, ndipo awiri otere akalumikizidwa pamodzi, pulasi ku pulasi, amatsika kufika pa 2. Ampulifaya yosapangidwira zimenezi imatentha n'kumazima yokha, kapena kupsa kumene.

Dziwaninso kuti kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera madesibelo 3, kusintha kochepa m'makutu. Kuti mawu amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi ka 10. Sipika ya sensitivity 91 dB imafuna theka chabe la mphamvu imene ya 88 dB ingafune kuti zimveke mofanana.

Magetsi ndi pamene pagona ngozi

Mphamvu yonse ya ampulifaya imachokera ku alitaneta ndi batire. Ya mtundu wa Class D imasandutsa pafupifupi 80 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu yopita ku masipika, pomwe ya Class AB imataya pafupifupi theka ngati kutentha. Tiyerekeze Class D ya mawati 500 a RMS. Ikamagwira ntchito mokwanira imakoka mawati 625, omwe pa mavolti 14 ndi ma amp pafupifupi 45. Alitaneta ya galimoto yaing'ono nthawi zambiri siposa ma amp 100, ndipo ili kale ndi ntchito ya nyale, fani ndi zoziziritsira mpweya. Nyale zikamaphethira motsatira besi, ndiye kuti magetsi akuperewera.

Waya wochokera ku batire akhale wonenepa mokwanira: wa 8 gauge pa ampulifaya zosaposa mawati 500, wa 4 gauge pa zofika cha m'ma 1,000. Mawaya otchipa olembedwa CCA ndi a aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa, ndipo sanyamula magetsi ngati a kopa weniweni. Chofunika koposa ndi fyuzi, imene iikidwe pa wayayu pasanathe masentimita 45 kuchokera pa batire. Fyuzi ya pa ampulifaya imateteza ampulifaya yokha. Waya wopanda fyuzi akachekeka n'kukhudza chitsulo pansi pa kapeti, amafiira m'masekondi ochepa ndipo galimoto itha kuyaka. Podutsa pa bowo la chitsulo pakhale mphira, ndipo waya wa nthaka akhale wamfupi, womangidwa pa chitsulo chopalidwa penti.

Mawaya achikasu ndi a ma airbag, asadulidwe. M'galimoto za hybrid monga Toyota Aqua, mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi otha kupha munthu, ndipo ntchito yotere ndi ya mmisiri wodziwa galimoto zoterezi.

Kutchuna, komanso makutu anu

Kabatani ka gain pa ampulifaya si voliyumu. Ntchito yake ndi kugwirizanitsa ampulifaya ndi mphamvu yochokera ku wailesi. Kakapotozedwa mpaka kumapeto, mawu amaphwanyika, waya wa mkati mwa sipika amatentha, ndipo sipika yatsopano imapsa. Sefa ya crossover itchunidwe kuti mawu apansi pa 80 Hz apite ku sipika ya besi, otsalawo apite ku masipika a m'zitseko.

Makutu nawo ali ndi malire. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvetsere mawu a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma pa madesibelo 90 nthawiyi imatsika kufika maola 4 okha. Makutu akawonongeka ndi phokoso sabwerera mwakale. Pamsewu, nyimbo zisakwirire hutala kapena kulira kwa ambulansi.

Ngati thumba ndi loperewera, gulani pang'onopang'ono motere: masipika akutsogolo ndi kumata zitseko, kenaka ampulifaya ya matchanelo 4 pamodzi ndi mawaya abwino, sipika ya besi pomaliza. Ndipo mmisiri asanabwezeretse kapeti ndi zotchinga zitseko, mupempheni akuonetseni pamene waika fyuzi.